Za Kunyanja: Adokotala, mwasamba m'manja?

Sabata ino ndale ndaziika kaye pambali. Amene mumagula nyuzi ino kuti mumve za phungu amene watuluka chipani ichi n'kukalowa icho, pepani, mudikire sabata ya mawa, anthu amenewo sathawa. Lero ndabwera ndi nkhani ya manja. Eya, manja omwewa mwagwirira nyuziwa.

Kuno ku Mangochi kusamba m'manja sitinachite kuphunzitsidwa ndi a mabungwe. Mlendo akafika pakhomo, mbale isanavundukulidwe, mwana amabwera ndi jagi ndi beseni n'kugwada. Abale athu achisilamu amachita wudhu asanaswali, ndipo amayambira m'manja momwemo. Madzi ndiye musanene. Nyanja ili apa, Malombe ali apo, Shire akudutsa pakati pa tauni usana ndi usiku pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi. Tsono mundiuze inu, zikutheka bwanji kuti kumalo kumene manja amafunika kuyera kuposa kwina kulikonse, kuchipinda cha odwala mwakayakaya, n'kumene kusamba m'manja kumavutitsitsa?

Funso limeneli ndinalitola nditakhala pa benchi ya chipatala.

Chilimwe chathachi malume anga, amjomba monga timanenera kuno, anadwala mwadzidzidzi. Munthuyo ndi msodzi wa usipa, ali ndi boti la injini, chilimira ndi anyamata ake omugwirira ntchito. Chibadwire mankhwala amene ankawadziwa ndi panado basi. M'mawa wina atabwerako kunyanja mimba inangotupa ngati ng'oma, kuchimbudzi osapita, mphepo osatuluka, kusanza kokhakokha. Kuchipatala anati matumbo apotana, ndipo usiku womwewo anawalowetsa ku fiyeta. Dzina la chipatalacho sinditchula, musavutike n'kundiimitsa pamsika kuti ndikunong'onezeni. Anthu a pamenepo anapulumutsa moyo wa malume anga, komanso zimene ndikambe panozi si za chipatala chimodzi.

Atatuluka ku fiyeta anawagoneka m'kachipinda ka odwala mwakayakaya, ka mabedi anayi. Munthu anali ndi machubu thupi lonse ngati wailesi yophwasula: dilipi pamkono, kachubu m'mphuno kotulutsa zam'mimba, kena ka mkodzo, mpweya wa okosijeni, kuphatikiza bala lalitali lochokera pansi pa chifuwa mpaka kudutsa pamchombo. Akazi awo anatsala kumudzi ndi ana ndi usipa wa pathandala. Ugadiyani unagwera ine, poti mtolankhani woyenda payekha alibe bwana womuwerengera maola.

Amene munakhalapo gadiyani mukudziwa moyo wake. Umakhala pa benchi pakhomo kudikira kuti akuitane ukathandize kutembenuza wodwala, kukataya mkodzo kapena kumupukuta. Tulo sitibwera, udzudzu uli pa iwe. Posowa chochita ndinayamba kuonerera manja a namwino.

Usiku umenewo anali yekha. Pa bedi loyamba dilipi yatha, wasintha. Asanatembenuke n'komwe makina a pa bedi lachitatu ayamba kulira, mkulu wina wazula chubu cha mpweya, wathamanga kukabwezeretsa. Mnyamata wa ngozi ya kabaza wasanza, wamupukuta. Foni yalira, aku fiyeta akufunsa ngati pali bedi. Walemba m'fayilo. Wabwera kwa malume kudzaona thumba la mkodzo, kenako wawabaya mankhwala pa kasingano ka dilipi. Sinki inalipo pakona, koma mpopi unali utauma kuyambira masana. Madzi anali mu ndowa ya kampopi panja pakhonde, pambali pake kachidutswa ka sopo kopyapyala ngati lezala. Chopukutira panalibe. Ku ndowa kuja ankapita ndithu, ndisamunamizire, koma maulendo ake ukanawawerenga ndi zala, pamene kugwira odwala ndiye kunalibe chiwerengero.

Mumtima ndinati eya, nkhani ndaipeza, ndipo mutu wake ndinaulemberatu m'kope mwanga ndi zilembo zikuluzikulu: ANAMWINO AULESI AKUPHA ODWALA. Akonzi a nyuzi ino mitu yotereyi amaikonda, ndikuwadziwa.

Cha m'ma 2 koloko usiku zinthu zitazizirako, anakhala pansi kwa nthawi yoyamba. Kufunsa mwachindunji ndinaopa, ndiye ndinazungulira.

"A sisitala, pepani, mpopiwu umatere masiku onse?"

Anandiyang'ana n'kuseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. "Achimwene, ndakuonani mukundiyang'ana m'manja kuyambira madzulo. Mukuganiza kuti sindikudziwa? Zimenezi ndinalembera mayeso ndipo ndinakhoza. Koma tandiuzani, bambo uyu akubanika, ndowa ili panja. Ndiyambe chiti?"

Kenako ananditambasulira manja. Khungu linali long'aluka pakati pa zala ngati la munthu amene wakhalitsa akukoka khoka. Anati ndi madzi a kolorini amenewo, ukasamba pafupipafupi popanda mafuta odzola manja amatero, ndipo akang'aluka sopo amalasa ngati tsabola.

Tsamba la mutu uja ndinaling'amba. Ndipo malume atachira ndinayamba kufufuza kuti kodi vutoli ndi la kwathu kokha kuno.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa malangizo ake mu 2009. Limati wachipatala ayeretse manja asanagwire wodwala, asanachite ntchito yofuna ukhondo monga kubaya kapena kutsuka bala, akakhudza magazi, mkodzo kapena masanzi, akamaliza kugwira wodwala, ngakhalenso akangogwira bedi kapena zinthu zomuzungulira wodwalayo. Kusamba bwinobwino ndi sopo ndi madzi amati kutenge masekondi 40 mpaka 60. Pa pepala n'zosavuta. Koma m'chipinda cha odwala mwakayakaya nthawi zoterezi zimakwana 20 ngakhale kupitirira pa ola limodzi lokha losamalira odwala. Masamu ake ngakhale ine wa Fomu 4 ndiwatha: mphindi imodzi kuchulukitsa ka 20 ndi mphindi 20. Ndiye kuti pa ola lililonse namwino azithera gawo limodzi mwa magawo atatu ali chiimire pa sinki. Apo sitinawerengere ulendo wopita pakhonde ndi kubwerako.

Ndipo musaganize kuti ndi ife amphawi tokha. Pa chipatala chachikulu cha ku Geneva, m'dziko la Switzerland, komwe mpopi suuma ndipo magetsi sazima, dokotala wina dzina lake Didier Pittet ndi anzake adachita zomwe ndinkachita ine pa benchi zija, koma iwo mwaukatswiri. Mu 1994 adapeza kuti pa maulendo 100 alionse ofunika kuyeretsa manja, ogwira ntchito ankatero maulendo 48 okha. Kuchipinda cha odwala mwakayakaya kudali koipitsitsa, maulendo 36. Adaonanso kuti ntchito ikamachuluka kusamba kumachepa. Ndiye kuti pamene wodwala ali pangozi kwambiri, ali ndi machubu ambiri olowetsa tizilombo m'thupi, mpamenenso manja omugwira amasambidwa pang'ono. Zomvetsa chisoni eti?

Tsono iwowo sadayitanitse msonkhano wa masiku asanu ku hotela ya kunyanja ayi. Adaika timabotolo ta mankhwala a spiriti opaka m'manja pambali pa mabedi ndi m'matumba a anamwino, napachika zithunzi zokumbutsa m'makoma, n'kumawauza ogwira ntchito m'mene akuchitira. Kupaka spiriti kumatenga masekondi 20 mpaka 30, sikufuna mpopi kapena thaulo, ndipo munthu atha kupaka uku akuyenda kupita pa bedi lina. Pofika 1997 maulendo aja adakwera kufika pa 66, ndipo pofika 1998 odwala otenga matenda m'chipatala momwemo adatsika kuchoka pa 17 kufika pa 10 mwa 100 alionse. Manja akaoneka akuda, akakhala ndi magazi kapena chimbudzi, pamenepo sopo ndi madzi sizilowedwa m'malo. Koma maulendo ambiri a namwino uja kabotolo kakanakwanira.

Tibwerere ku benchi. Chinthu china chimene ndinaona ndi magolovesi. Ife odwala ndi magadiyani tikaona magolovesi mtima umakhala m'malo, timati apa ndiye paukhondo. Bodza. Golovesi yomwe yagwira masanzi a pa bedi lachiwiri n'kubwera pa bala la pa bedi lachinayi ndi minibasi ya tizilombo, yonyamula apa kukatsitsa apo. Magolovesi anazolowereka kwambiri m'zipatala nthawi imene Edzi inavuta, ndipo anthu anawaphunzira ngati chodzitetezera wekha ku magazi a wodwala. Wovalayo amamva kuti manja ake ndi oyera, ndiye maganizo osamba sabwera. Akakhala kuti bokosi latsala pang'ono kutha ndipo lina silikudziwika tsiku lobwera, peyala imodzi imayenda mtunda wautali. Lamulo lake ndi loti wodwala aliyense magolovesi ake, ndipo ukavula uyeretsebe manja. Koma lamulo silidzaza bokosi.

M'mawa kunabwera raundi. Adokotala aakulu patsogolo, ena aang'ono pambuyo, ana asukulu kumapeto ndi makope awo, mzere ngati wa abakha. Anafika pa mnyamata wa kabaza, anatsegula bandeji, anadina apa ndi apo. Kuchoka pamenepo molunjika kwa malume, kukweza nsalu, kudina pamimba m'mbali mwa bala, kuika chopimira pachifuwa chomwe chija chachokera pa chifuwa cha mnzawo. Anthu onse aja anaona. Namwino wa m'mawa anaona. Ine ndinaona. Amene anatsegula pakamwa panalibe.

Mwana wasukulu anganene chiyani kwa munthu amene mawa amulembera malikisi? Namwino anganene bwanji pagulu kwa adokotala aakulu osaoneka wamwano? Nanga ine gadiyani, wa masilipasi, wonunkha thukuta la masiku atatu? Tinaleredwa kuti wamkulu salakwa. Timaopanso kuti ukafunsa funso lolakwika wodwala wako azimudumpha, ndiye umangoti zikomo adokotala, zikomo kwambiri. Ku Geneva kuja adapeza kuti madokotala ndiwo ankatsalira kwambiri, maulendo 30 pa 100, pamene anamwino ankafika 52. Ndipo wamkulu akadutsa sinki osaima, ana asukulu asanu a pambuyo pake aphunzira kale phunziro la tsikulo.

Matenda a ukuluwa ndi akale. Mu 1847 ku Vienna kudali dokotala wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, yemwe adadabwa kuti amayi ochira m'wodi ya madokotala ankafa ndi malungo a pambuyo pa uchembere kuposa a m'wodi ya azamba. Adazindikira kuti madokotalawo ankachokera kong'amba mitembo n'kupita kukayeza amayi osayeretsa manja mokwanira. Adalamula kuti aliyense azisamba m'madzi a kolorini, mtundu womwewu tinkathira mu ndowa nthawi ya kolera. M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho amayi 18 mwa 100 adamwalira m'wodimo, koma patangopita miyezi yochepa chiwerengerocho chidatsikira pa awiri kapena mmodzi. Mukuganiza kuti adamuthokoza? Akuluakulu ambiri adakwiya kuti iye ndani wonena kuti manja a njonda ngati iwo angaphe munthu. Adafera m'chipatala cha amisala mu 1865.

Pa tsiku lachisanu malume anayamba kutentha thupi. Bala lija linafiira, linatupa, ndipo atamasula ulusi pang'ono panatuluka mafinya onunkha oti ngakhale ine wozolowera fungo la pa doko ndinathawira panja. Anali akulandira kale jakisoni wa ceftriaxone, uja amabaya pafupifupi aliyense wogonekedwa, koma thupi osazizira. Adokotala wamng'ono anandikokera pambali n'kunena kuti tizilombo tina masiku ano mankhwala amenewa sitiwamva, ndipo amphamvu kuposa pamenepo m'famase munalibe, tikayesere kugula.

Sankanama. Akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust anaunika magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016. Kachilombo kena kotchedwa Klebsiella, kokonda kukhala m'zipatala, mu 2003 tokana mankhwala a gulu la ceftriaxone tinali pafupifupi 12 mwa 100. Pofika 2016 tinali 90 mwa 100. Tizilombo timeneti tilibe mapiko kapena miyendo. Kuti tichoke pa bedi ili kufika pa bedi ilo timadikira dzanja. A WHO mu lipoti lawo la 2022 adati m'maiko osauka ngati lathu lino, odwala 15 mwa 100 ogonekedwa m'chipatala amatengeramo matenda amene sanabwere nawo, pamene m'maiko olemera ndi 7, ndipo mwa otenga matendawo mmodzi mwa khumi amamwalira. Kumudzi tikamva kuti opaleshoni inayenda bwino koma munthu wamwalira patatha sabata, timayamba kuyang'anana ndi kufunsa kuti anakangana ndi yani za malire a munda.

Apa ndiulule kanthu, poti ndazolowera kuloza ena chala. Matumbo akang'ambidwa bala litha kuola ndi tizilombo ta m'mimba momwemo. Litha kuola ndi dzanja la adokotala kapena la namwino. Koma pa mndandanda wa oganiziridwa dzina langa liliponso. Ine ndinkataya mkodzo wa malume, kutsukuluza chitini pa mpopi wa kuseri, kupukuta manja pa thalauza, kuyankha foni, kuwerenga ndalama zochokera kumudzi, kenako kudzawakonzera nsalu ya pamimba ndi kuwamwetsa phala. Sopo ndinali naye m'chikwama, wochapira zovala, koma ndinkamusunga kuti asathe msanga. M'zipatala mwathu gadiyani amagwira wodwala mwina kuposa namwino, koma palibe amene amamukhazika pansi tsiku loyamba kumuuza kuti manja akowa atha kupha m'bale wako. Amangotiuza nthawi yotuluka akamakolopa.

Chondidabwitsa n'choti a Malawi kusamba m'manja timatha tikachita mantha. Mukukumbuka 2020, matenda a Covid atafika mu Epulo? Pakhomo pa sitolo iliyonse panali ndowa. Ku banki mlonda sankakulola kulowa asanakufayire m'manja. Ngakhale ogulitsa kanyenya anali ndi kabotolo. Kolera atabuka ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, anthu pafupifupi 59,000 anadwala ndipo opitirira 1,700 anamwalira. Mangochi inali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri, makamaka m'madoko mwathumu momwe anthu amamwa, kuchapa ndi kudzithandiza m'nyanja imodzi yomweyo. Pamenepo ndowa zinabwereranso, kolorini anagawidwa, kugwirana chanza kunachepa, ndipo pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera mu Febuluwale 2023. Mliri utangopita, ndowa zija zinalowa m'nyumba. Ya kwa aneba anga pano amasungiramo ufa.

Kusamba kwa nthawi ya mliri kunali kodziteteza tokha. Kusamba kwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya n'koteteza munthu wina, wogona chigonere, amene sangakuone ngati wadumpha, ndipo akadwala patapita masiku asanu palibe amene angakumbuke dzanja limene linamugwira Lachiwiri. Woyendetsa minibasi akalakwitsa ngozi imachitika pompo, aliyense akuona. Ya manja imachedwa, ndiye munthu umazolowera kuganiza kuti palibe chimene chachitika.

Tsopano ndale zija ndinati ndaziika pambali ndizibwezeko pang'ono, mundikhululukire. Spiriti wopaka m'manja si golide. A WHO adasindikiza kapangidwe kake poyera kuti famase ya chipatala chilichonse izitha kusakaniza yokha. Pa malita 10 pamafunika malita 8 ndi pang'ono a ethanol, kamlingo kochepa ka hydrogen peroxide, kamlingo kena ka glycerine woteteza khungu kuti lisang'aluke ngati la a sisitala aja, ndi madzi owiritsa. Ethanol ameneyu dziko lino limapanga lokha kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ku Dwangwa adayamba mu 1982, ku Chikwawa nakonso kuli fakitale, ndipo takhala tikumuthira mu petulo zaka zonsezi. Galimoto za mabwana zimamwa ethanol tsiku ndi tsiku, koma namwino wa usiku alibe kabotolo m'thumba. Mu 2020 masukulu athu ena a ukachenjede anaonetsa kuti sanitaiza atha kupangidwa konkuno. Mu 2021 tinamva za K6.2 biliyoni ya Covid, momwe ina inathera m'maalawansi ndi m'misonkhano. Ine sindine wa masamu a boma, koma ndikafanizira mtengo wa kabotolo ndi mtengo wa chakudya cha masana cha msonkhano umodzi wa ku hotela za m'mbali mwa nyanja yathu ino, mutu umandipweteka.

Ena andiuza kuti kuno kuli Asilamu ambiri, zinthu za spiriti sangazilandire. Amenewo akunamizira anthu. Zipatala za ku Saudi Arabia zimagwiritsa ntchito mankhwala omwewa, poti ndi opaka pakhungu pofuna kupha tizilombo, si akumwa. Malume anga saphonya Ijumaa, koma mumve zimene anachita.

Nditapita kukagula mankhwala aja ku famase ya m'tauni, ndalama zake zochokera kwa munthu amene anapereka chikole pa injini ya boti, ndinaonjezera kabotolo ka sanitaiza ndi sopo wamtanda. Sopo ndinakaika pa ndowa. Kabotolo ndinaika pa kabati ya pambali pa bedi, kuti ndizipaka ine ndisanawagwire. Malume anali atayamba kutsegula maso ndi kuyankhula pang'onopang'ono. Anandifunsa kuti n'chiyani chimenechi, ndinawafotokozera zonse, za minibasi ya tizilombo, za namwino ndi ndowa yake, za raundi. Anangoti, "Ndiye iwe wa nyuzi, pakamwa ponsepo, unalephera kufunsa?"

Ndinati, "Amjomba, pano si pa doko. Mukawakwiyitsa anthu amenewa tivutika ndife."

Sanayankhe. Ndinayesa agona.

M'mawa mwake mzere uja unalowa. Adokotala aakulu anamaliza ndi mkulu wa pa bedi lachitatu n'kutembenukira kwa ife, dzanja litatambasuka kale kulunjika pa nsalu. Malume anakweza mkono wa dilipi uja, anatola kabotolo, n'kukagwira ndi manja awiri monga mwana amagwirira jagi.

"Adokotala, mwadzuka bwanji? Pepani bambo, kwathu mlendo sagwira mbale tisanamupatse madzi. Pano ndi pakhomo panga masiku ano, ndiye madzi anga ndi awa."

M'chipindamo munangoti zii. Ine ndinayang'ana pansi, mtima uli phaphapha, ndikuganiza za ambulansi yopita kwina. Mwana wasukulu wina anabisa nkhope kuseri kwa kope. Adokotala anayang'ana malume, anayang'ana kabotolo, kenako anaseka mpaka mapewa kugwedezeka.

"Bambo, mwandigwira. Thirani."

Anapaka bwinobwino, kumbuyo, pakati pa zala, mpaka zala zazikulu. Atamaliza anatembenukira kumbuyo n'kuti, "Nanga inu mukuyang'ana chiyani? Simunamve kuti pano ndi pakhomo pa eni ake?" Mzere wonse unatambasula manja, mmodzimmodzi, malume akuthira ngati akugawa usipa kwa anyamata awo.

Kabotolo kaja sikanathe masiku atatu. Gadiyani wa mnyamata wa kabaza anayamba kudzapempha, a sisitala a usiku aja ankadutsira pa kabati yathu akamachoka pa bedi lina kupita pa lina, ndipo ndinagulanso kawiri tisanatuluke. Sindikunena kuti adokotala aja anasinthiratu. Tsiku lina ndinawaona m'wodi yaikulu akuyenda bedi ndi bedi monga kale, poti kumeneko kunalibe nkhalamba ya kabotolo. Mkulu wa pa bedi lachitatu anamwalira Loweruka usiku, ndipo pofika m'mawa pa bedi pake panali patagona munthu wina.

Malume anakhala m'chipatala masabata asanu m'malo mwa masiku khumi amene anatiuza poyamba. Bala linachita kupola lokha kuchokera pansi, akulitsuka tsiku ndi tsiku, ndipo latsala chipsera chachikulu chimene amaonetsa aliyense wobwera kudzawaona, wofuna ndi wosafuna yemwe. Injini ija sitinathe kuiwombola. Boti lili pamtunda, anyamata awo anapita kwa eni zilimira ena ku Msaka ndi ku Malembo.

Tsiku lotuluka a sisitala aja anali pa ntchito ya masana. Malume anawaitana, anawapatsa kabotolo kachitatu komwe kanali kakadali pakati, n'kuwauza kuti akasunge m'thumba la yunifolomu, asakaike pa tebulo poti pali manja ambiri. Mpopi wa pakona uja unali usanayambebe kutuluka madzi.